Kapinga wafiira, a ejenti akubwera mu Okutobala: nditani?

MayiWaLeeds
Moni nonse. Ndithandizeni nzeru pa nkhani ya kuseri kwa nyumba. Mu pangano la lendi analemba kuti gadeni ndi udindo wathu. Chilimwe chonsechi ana akhala akumenyerapo mpira, mvula nayo inasowa, ndiye panopa kapinga yense wafiira, pakati patsala dothi lokhalokha, cha kumpanda komwe sikufika dzuwa kwadzaza ndere. A ejenti atilembera kuti adzayendera nyumba kumapeto kwa Okutobala. Bambo a kunyumba kuno akuti tingotipula ponse ndi khasu tiyambirenso. Ine mtima ukukana. Inu amene mwakhalitsa kuno ku UK, Sepitembala akafika mumatani? Funso lachiwiri, ndinadzala maungu m'mbali mwa mpanda chifukwa cha nkhwani, adakali obiriwira bwinobwino. Apirira mpaka liti?

Chikwakwa_99
Khasu ayi mayi. Awuzeni bambowo akapume.

WakuJoni_Gadeni
Achemwali, ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa kuno ku Johannesburg, ndipo mwafunsa pa nthawi yake chifukwa ndi zomwe ndikupanga m'mayadi onse a mabwana anga masabata ano. Tsitsani mpeni wa makina mpaka pansi, mumumete mpala kapingayo mpaka dothi liwonekere. Mukokole zouma zonse ndi leki, muwaze lawn dressing (dothi losefa losakaniza ndi manyowa) pamwamba mopyapyala, feteleza wa nayitrojeni wambiri, kenako madzi okwanira. Pofika Okutobala ejenti wanuyo adzafunsa ngati mwayala kapeti.

GogoWaAllotment
Achimwene a ku Joni, malangizo anuwo ndi abwino, koma ndi a kumeneko. Mayi a ku Leeds akawatsatira adzalira. Kapinga amene mumameta mpalayo ndi kikuyu, udzu wochokera kumapiri a kum'mawa kwa Africa. Umenewo umayanga, pamwamba ndi pansi pa dothi pomwe, ndiye ukaudula mpaka pansi umaphukanso kuchokera m'mfundo. Kapinga wathu wa kumudzi amachitanso chimodzimodzi. Wa kuno ndi wina. M'magadeni ambiri muli ryegrass wosakaniza ndi fescue, ndipo ryegrass sayanga, amamera m'timagulu. Pamene wafa pafa basi, sadzabwerera yekha kudzatseka malowo, mpaka mufesepo mbewu. Chinanso, Sepitembala wanu mukutuluka m'nyengo yozizira, kutsogolo kwanu kuli kutentha ndi mvula ya Okutobala. Ife kutsogolo kwathu kuli chisanu ndi mdima.

WakuJoni_Gadeni
Udzu ndi udzu agogo. Mpeni ndi madzi, palibe china.

Mlonda_Kepi
Aise usakakamire. Iwe mu Epulo kikuyu umameta mpala? Kuno ku Cape Town tikalowa Malichi ndi Epulo timakweza mpeni, ndipo ndikudziwa kuti kwanuko nkofunika kwambiri chifukwa kumagwa chisanu. Sepitembala wa ku UK ndi Malichi wathu. Ukawayankha uziganiza zomwe umachita mu Malichi.

WakuJoni_Gadeni
Mu Epulo ndimakweza, inde. Komabe lawn dressing yokha sindisintha, imathandiza kulikonse.

GogoWaAllotment
Pamenepo tagwirizana. Tsopano mayi a ku Leeds, choyamba musachite mantha ndi kufiirako. Udzu wa kuno ukasowa madzi umagona, sufa msanga. Amene tinalipo mu 2022, pamene kunatentha mpaka kupitirira madigiri 40 mu Julaye, tinaona mapaki onse atafiira, koma mvula itabwera ambiri anabiriwiranso okha. Kokani kachitsa kamodzi ndi dzanja. Kakalimba, pansi pake nkukhala poyera, kali moyo. Kakangozuka mopepuka kafa.

Mutchetche mwachizolowezi, koma mpeni ukhale pamwamba, udzu utsale wotalika pafupifupi masentimita 4. Musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake pa nthawi imodzi. Mukatero tengani leki yamawaya ija, osati yapulasitiki, mukande mwamphamvu kuchotsa zofa zomwe zaunjikana pansi pa udzu. Pamapeto pake pamaoneka moipa kuposa poyamba, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti awononga. Pitirizani. Paja ana akhala akupondapo, ndiye dothi lagogomezeka, madzi ndi mpweya sizikulowa. Tengani foloko ya m'munda, muzibaya mpaka masentimita 10 kapena 15, kugwedeza pang'ono, kuzula, kusendera pang'ono, kubayanso. Dikirani kaye mvula ifewetse dothi, apo ayi foloko idzapindika msana wanu ukuwawa pachabe. Pomaliza fesani mbewu ya udzu, pafupifupi magalamu 25 pa sikweya mita, pamene pali dothi lokhalokha muwonjezere pang'ono. Wazani dothi losefa kapena kompositi pamwamba mopyapyala, mupondeponde kuti mbewu igwirane ndi dothi.

Chifukwa chomwe Sepitembala amaposera miyezi ina nchakuti dothi likadali lofunda ndi dzuwa la chilimwe, pomwe mvula ndi mame zabwerera. Mbewu imafuna dothi la madigiri 10 kapena kuyandikira apo. Ryegrass amamera pa sabata imodzi kapena awiri. Kumpoto ngati kwanuko musadikire Okutobala, fesani mwezi uno usanafike kumapeto.

MayiWaLeeds
Zikomo agogo, ndawawerengera bambo a kuno mokweza. Nanga ndere zija? Ndingofesa pamwamba pake?

NyasaLuton
Ayi, ndere zichoke kaye. Gulani iron sulphate, musungunule m'kheni monga alembera pa paketi, muthirepo. Zimada bii pakatha masabata awiri, kenako mumakokola ndi leki nkufesa. Koma chenjerani, ikagwera pa masilabu kapena pa simenti imasiya madontho a dzimbiri osachoka. Nyumba ndi ya lendi, mungathetse vuto la kapinga nkupanga la masilabu. Nsapato zomwe mwathirira musalowe nazo m'nyumba.

Kabaza_Glasgow
Ine mankhwala a ndere ndinasiya kuwakhulupirira. Kuno ku Glasgow mvula siipuma, umapha ndere lero chaka chamawa zabwerera zonse. Ndere zimakonda mthunzi, dothi logogomezeka losataya madzi, ndi udzu wometedwa kwambiri. Ngati izi sizinasinthe mukungodyetsa eni mashopu. Kandani ndi leki, bayani ndi foloko, ndipo pamthunzipo mufese mbewu yolembedwa kuti ndi ya pamthunzi, imakhala ndi fescue wambiri. Komanso masabata awiri odikira mankhwalawo mayiwa alibe, nthawi yawathera kale.

NyasaLuton
Akakanda ndere zamoyo amwaza mbewu zake pabwalo ponse.

Kabaza_Glasgow
Mbewu zake zili kale mumphepo achimwene, nzosapewa. Pamene udzu wathithikana ndere sizipeza malo.

Mphwanga_Coventry
Kodi sangangothira urea? Kumudzi chimanga chikachita chikasu timathira urea sabata imodzi chabiriwira.

GogoWaAllotment
Urea ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, ndi wobereketsa chimanga pa nthawi ya kutentha ndi mvula. Mukathira pa kapinga panopa, udzu utulutsa masamba ofewa, odzaza madzi, amene chisanu chimawotcha msanga ndipo matenda a nkhungu amawagwira. Mukapita ku shopu muyang'ane thumba lolembedwa autumn lawn feed. Nayitrojeni wake ndi wochepa, potashi ndi wambiri, amalimbitsa mizu. Muwerengenso bwino ngati mulibe mankhwala opha zomera zina, chifukwa amenewo amapha ndi mbewu yongomera kumene.

Mphwanga_Coventry
Potashi ndiye phulusa lija. La braai lingathandize?

GogoWaAllotment
La nkhuni zenizeni inde, koma mulisungire mabedi a ndiwo, pang'onopang'ono. La makala oumba aja a m'shopu ndi la malasha musathire m'munda.

Chikwakwa_99
Koma abale tanena zoona, zonsezi chifukwa cha udzu? Udzu woti sudyedwa, sufoleredwa nyumba, mbuzi palibe. Kwathu ku Ntcheu udzu ukamera pabwalo anthu amati pakhomo pano palibe munthu. Mmamawa uliwonse tsache m'manja, pabwalo mbee, njoka ikadutsa usiku umaona mkukuluzi wake. Tafika kuno tikugula mbewu ya udzu ndi mapaundi.

Nachisale_Notts
Kkkk mwandikumbutsa amayi anga atabwera kudzacheza. Anaima pakhomo la kuseri nkuyang'ana kapinga, akuti mwana wanga malo onsewa osadzalapo ndi mpiru womwe? Tsiku lotsatira ndinawapeza akuyeza ndi mapazi poti pakhale mabedi.

Mlonda_Kepi
Udzu womwewo ndi umene ukuphunzitsa ana athu sukulu kumudzi, musaunyoze kkkk.

Chikwakwa_99
Ine kwanga ndinayala wapulasitiki, nkhani inatha.

Kabaza_Glasgow
Siinathe. Masamba akagwa muzisesabe, ndere zimameranso pamwamba pake, dzuwa likawomba amatentha moti mwana sangapondepo wopanda nsapato. Ndipo nyumbayo ndi yanu. Wa lendi sangazule kapinga popanda chilolezo cholembedwa.

Nachisale_Notts
Tibwerere ku nkhwani, ndi funso limene landikhudza ine. Achemwali, maungu sapirira chisanu ngakhale usiku umodzi. Mudzadzuka mmawa masamba onse atada, atalefuka, nkhani yatha. Kumpoto kwanuko zimatha kuchitika mu Okutobala, ku London ndi kummwera nthawi zambiri kumachedwerako. Muziyang'ana zanyengo pa foni, akangoti usiku kutsika kufika madigiri 3 kapena 2 kumwamba kopanda mitambo, thyolani zonse madzulo omwewo. Koma ine sindidikira mpaka pamenepo, chifukwa Sepitembala akafika masamba amayamba kuchita zoyera ngati awazidwa ufa, ndipo amakhakhala. Panopa thyolani nsonga ndi masamba anthete kawirikawiri. Timaungu tating'ono timene tangoyamba kumene sitikhwimanso, dulani muphikire limodzi ndi nkhwaniyo, maluwa omwe. Akuluakuluwo muwayike pa thabwa kapena njerwa asagone pa dothi lonyowa, mudzawadule ndi phesi lake lalitali.

AlongoAnu_Leicester
Pangani mfutso mayi, mudzandithokoza mu Januwale.

Nachisale_Notts
Mfutso ndi dzuwa liti? Kwathu timafutsa pamene mvula yatha, mphasa pabwalo masiku awiri zauma gwaa. Kuno mukayanika panja mu Sepitembala zimachita nkhungu zisanaume. Ine ndimasadzula, kutsuka, kuduladula, kuviika m'madzi owira mphindi ziwiri, kenako m'madzi ozizira, kufinya, nkuika m'timapepala ta mu firiza mlingo wa mphika umodzi umodzi. Yotendera imakoma ngati yathyoledwa lero.

AlongoAnu_Leicester
Ya mu firiza ndi nkhwani, si mfutso. Kafungo kaja kamachokera ku kuyanika. Ine ndimawiritsa pang'ono ndi mchere, nkuyala pa thireyi mu uvuni moto wotsikitsitsa, chitseko chotsegula pang'ono. Mnzanga wina anachita kugula kamakina koumitsira zipatso.

Chikwakwa_99
Ndi mitengo ya magetsi ya kunoyi? Mfutso umenewo udula kuposa nyama.

AlongoAnu_Leicester
Aliyense ndi pomwe amataya ndalama zake achimwene. Ena amagula udzu wapulasitiki.

GogoWaAllotment
Maungu akachoka musasiye malowo opanda kanthu. Mpiru mukafesa sabata ino ukhoza kukupatsani masamba nyengo isanazizire kwambiri, makamaka mukaufunditsa fleece, kansalu koyera kopyapyala kaja. Ndiwo zamasamba zija pa Chingerezi amati kale zimapirira chisanu bwino, koma kufesa mwachedwa, gulani mbande ngati mungazipeze. Anzathu a ku Zimbabwe pa allotment yathu, timinda tobwereka tija, ali ndi chomolia amene amangothyola mphukira nkuzika, ndipo amadya pafupifupi chaka chonse. Adyo ndi wa Okutobala ndi Novembala, amafuna kuzizira kwa masabata angapo kuti agawikane bwino, mumakolola mu Juni kapena Julaye. Bonongwe amene wachita ngala dulani mitu yake, muike mu envelopu pamalo ouma, ndi mbewu ya chaka chamawa. Tomato wobiriwira amene watsala muthyole mumuike m'kabati pamodzi ndi nthochi yakupsa, amapsa yekha. Mdani wamkulu panopa ndi nkhono zopanda chigoba zija, usiku umodzi zimamaliza bedi la mpiru. Mankhwala akale a metaldehyde analetsedwa kuno kuyambira Epulo 2022, ngati muli nawo m'shedi musawagwiritse ntchito. Ololedwa ndi a ferric phosphate. Ine ndimatuluka ndi tochi kukada nkuzitola.

Mphwanga_Coventry
Agogo nanga chimanga? Changa chakwera kupitirira mpanda, ngayaye zangotuluka kumene, zisononkho palibe. Mbewu yake ndi ya kumudzi.

GogoWaAllotment
Chimenecho sichifika patali mwana wanga. Chimanga cha kwathu chinazolowera usana ndi usiku wofanana. Kuno m'chilimwe dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye chimangokula msinkhu osabereka, pomadzatulutsa ngayaye kuzizira kwafika. Chimanga choyera chimatheka kuno, mlimi wa ku Zimbabwe David Mwanaka anatchuka nacho ku Enfield, ku London, koma zinamutengera zaka akuyesa. Chaka chamawa gulani mbewu yocha msanga konkuno, muyambitse m'timiphika m'nyumba mu Epulo. Ndiponso kulowetsa mbewu m'dziko muno kuli ndi malamulo ake, si zongoponya m'chikwama.

WakuJoni_Gadeni
Dulani mapesiwo mupange kompositi, bola mupezepo kanthu.

NyasaLuton
Ndibwereko ku kapinga. MayiWaLeeds, zigamba zoumazo zili pamene ana amasewera pokha, kapena paliponse? Mwaonako akhwangwala kapena mbalame zina zikujompha pansi, kapena nkhandwe zikukumba usiku? Ndikufunsa chifukwa mwezi uno ndi wa tizilombo tamiyendo italiitali tija timalowa m'nyumba madzulo, daddy longlegs. Timaikira mazira mu kapinga, mphutsi zake nkumadya mizu. Kuyesa kwake nkosavuta. Thirani madzi ambiri pachigamba chimodzi, vindikirani ndi pulasitiki wakuda usiku wonse, mmawa muvundukule. Ngati zilipo muzipeza pamwamba, zotuwa, zopanda miyendo. Mankhwala ake ndi nematodes, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene amagulitsa m'paketi, mumasungunula m'madzi nkuthira dothi likadali lonyowa ndi lofunda madigiri 12 kupita m'mwamba. Nawonso ndi a mwezi uno mpaka kumayambiriro kwa Okutobala.

MayiWaLeeds
Zili pakati pokha, pamene amaika magolo. Nkhandwe imadutsa koma sikumba. Masamba a mtengo wa aneba ndiye ayamba kugwera kwathu. Tingawotche?

Kabaza_Glasgow
Musayerekeze mayi. Si kuti pali lamulo loletseratu moto m'gadeni, koma utsi ukalowa m'mawindo a aneba kapena pa zovala zawo akakunenezani ku khonsolo, ndipo kalata yake si yabwino kwa munthu wa lendi. Muziwasesa sabata iliyonse, chifukwa akakhalitsa pa udzu wongomera amauphimba nkuupha. Muwaike m'matumba akuda, muwaze madzi, mubowole matumbawo ndi foloko, muwaponye kuseri kwa shedi. Pakatha chaka kapena ziwiri amasanduka manyowa abwino kwambiri. Ngati malo mulibe, bini ya zinyalala za m'gadeni ilipo, kungoti makhonsolo ena amalipiritsa ndipo ambiri amasiya kutenga m'miyezi yozizira. Amene mumakoleza moto wa chikondwerero cha pa 5 Novembala, muluwo muziusuntha kaye musanayatse, ma hedgehog, tinyama taminga tija, amakonda kubisala m'menemo.

Nachisale_Notts
Ngati pali heji mumete mwezi uno, mbalame zamaliza kuswa. Ejenti akalowa amaona heji ndi m'mphepete mwa kapinga asanaone china chilichonse. Dulani m'mphepetemo mowongoka ndi fosholo, ngakhale pakati pasanabiriwire amadziwa kuti pali munthu akusamala. Ndipo fufuzani zithunzi za inventory zomwe anakupatsani polowa. Ngati ndere zinalipo kale sangakuduleni dipoziti pa zimenezo. Jambulaninso lero, kenako mukamaliza ntchito, musunge ndi malisiti a mbewu.

MayiWaLeeds
Zithunzizo ndazipeza mu imelo, ndere zikuoneka bwinobwino kumpandako. Zikomo achemwali. Ndiye tikanda ndi kubaya Loweruka, akuti Lachisanu kugwa mvula. Mankhwala a ndere tawasiya. Koma anawa ndiwatani? Mpira salekana nawo.

GogoWaAllotment
Apite ku paki mpaka a ejenti atadutsa. Udzu wongomera ukapondedwa umazuka ndi mizu yomwe. Mangani chingwe kuzungulira, ndipo pakati pofesedwapo muyalepo neti kapena fleece, apo ayi nkhunda zidya mbewu yonse inu muli ku shifiti. Kukapanda mvula muzithirira pang'ono tsiku lililonse ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono, osati paipi yothamanga, imakokolola mbewu kupita nayo pakona. Kumene makampani a madzi aletsa paipi, kheni imaloledwa. Udzu ukafika masentimita 7 kapena 8 mudule nsonga zokha, mpeni wakuthwa, tsiku louma. Mukumbukirenso kuti mawotchi amabwerera Lamulungu lomaliza la Okutobala, kuyambira pamenepo poweruka kumakhala kutada kale, ndiye chilichonse cha panja chithe isanafike nthawi imeneyo.

WakuJoni_Gadeni
Lawn dressing musaiwale achemwali. Mukabaya ndi foloko, sesererani m'mabowomo. Ngati dothi ndi lamakande sakanizani ndi mchenga wokhakhala, osati womangira nyumba.

Chikwakwa_99
Bambo aja apatsidwe foloko, mphamvu zomwe amafuna kuthera pa kutipula zipite pamenepo.

AlongoAnu_Leicester
Agogo, chomolia mwatchula uja mungandipemphereko mphukira kwa anzanuwo? Ndingazike panopa kapena ndidikire Malichi?

GogoWaAllotment
Zikani panopa koma m'miphika, muike pamalo obisika mphepo kapena m'mbali mwa khoma loyang'ana kummwera, mudzaokere pansi mu Epulo. Ndiwafunsa ndikapita kumunda. Mukonzeretu neti, nkhunda za kuno zimaukonda kuposa ife.